Tasenderani Pang'ono, a Putyata

M'nyumba mwa Putyata mwana wa Gordei tsiku linkayamba ndi ndevu. Fetinya mkazi wake akamatulutsa buledi wakuda mu uvuni, antchito akamapalasa chipale chofewa pakhomo, mwini nyumba ankakhala pafupi ndi zenera ndi chipeso chake cha fupa, n'kumapesa ndevu zofika pachifuwa, osafuna kuyankhulitsidwa. Tsiku la phwando la Kalonga ndiye anazipesa mpaka phala linazizira m'mbale.

"Bambo a Onisim," anatero Fetinya, "kodi kwa Kalongako aitana inu kapena ndevuzo?"

"Aitana malo anga," anayankha Putyata. "Ine ndikungopita kukawakhalira."

Sankaseka ayi. Kwathu kuno ku Yelnik munthu sayezedwa ndi ubweya wa chijasi chake kapena kunenepa kwa akavalo ake. Amayezedwa ndi pamene wakhala patebulo la Kalonga. Benchi ndi imodzi, yaitali, yoyambira pakona ya zithunzi za oyera mtima n'kukathera kukhomo, ndipo amene wakhala kudzanja lamanja la Kalonga ndiye nduna yoyamba. Choopsa chake n'chakuti malowo si ako wekha. Ukalola kamodzi kokha kukhala kumunsi kwa mnzako, mwana wako adzakhala kumunsi kwa mwana wake, mdzukulu wako chimodzimodzi, mpaka lipenga lomaliza. Putyata anali ndi mwana mmodzi yekha wamoyo, Onisim, mnyamata wofatsa amene ndevu zinali zitangoyamba kumera, ndipo malo akudzanja lamanjawo ankamusungira iyeyo ngati dzira.

Tisamunamizire, malowo anawakhetsera thukuta. Kalonga Volodar anali chitsirizira m'banja mwawo, ndiye pogawana dziko la bambo awo abale ake anatenga mizinda ya mabelu ndi misika, iye n'kumuponyera Yelnik: nkhalango, madambo, udzudzu ndi zimbalangondo. Nduna zina zonse zinayang'ana kumbali. Putyata yekha ndiye anamuperekeza, pakuti ndi amene anamukweza pakavalo koyamba ali kamwana. Mitengo yoyamba ya linga anaigwetsa ndi nkhwangwa yake. Masiku amenewo tebulo la Kalonga linali thabwa limodzi, ndipo tsekwe mmodzi ankakwanira onse okhalapo.

Koma dambo limene abale ankaliseka ndilo linasanduka chishango. Atatari, adani olusa amene ankalamulira dziko lonse, akabwera kudzatentha mizinda, akavalo awo ankakonda njira zouma za kuchigwa, m'matope a ku Yelnik sankafuna kupondamo. Anthu othawa moto anayamba kutulukira m'nkhalango, ena ndi ng'ombe, ena ndi mwana m'manja basi. Volodar sanabwezepo ndi mmodzi yemwe. Mlimi ankamulozera pogwetsa mitengo n'kulima, wosula zitsulo ankamupatsa malo m'mbali mwa mtsinje, wansembe ankamumangira katchalitchi. Kwa mfumu ya Atatari ankapita yekha ndi mitolo ya zikopa, n'kukagwada bwinobwino, abale ake akumunena kuti ndi wamantha. Anthu anamupatsa dzina lakuti Tolatola, chifukwa chilichonse chimene ena ataya, kaya ndi munthu, kaya ndi kamudzi kopanda mwini, iye ankatola. Dzinalo ankalidziwa ndipo silinkamuwawa.

M'chisanu cha phwando lija anatola chinthu chachikulu. Kunafika Yelizar, nduna ya kummwera kumene mzinda wawo unali utasanduka phulusa, ndipo sanabwere chimanjamanja. Zileyi zake zinadzaza bwalo, ankhondo ake ovala zitsulo anaposa a Yelnik yense. Makolo ake ankadya pafupi ndi akalonga otchuka. Munthu wotere sumukhazika pakati pa benchi. Ukatero, kukacha amanga akavalo n'kupitiriza ulendo wa ku Dubren, kwa Kalonga Sudimir, msuweni wa Volodar amene sankamwerana naye madzi.

Volodar sanafune kumudzidzimutsa munthu amene anamulera. Putyata akulowa pachipata m'mawa umenewo, Kalonga anatsika palinga pamene ankaona amisiri, namugwira mkono, napita naye kuseri kwa khola la akavalo.

"A Putyata, ndili ndi pempho. Lero patebulo mundisenderere pang'ono."

"Ndisendere? Kulowera kuti?"

"Kumunsi. Malo a munthu mmodzi basi. Yelizar akhale apa, inu apa."

"Mwati ndikhale kumunsi kwa munthu wobwera dzulo? Woti sadziwa n'komwe kuli chitsime?"

"Wabwera ndi mikondo, a Putyata. Mikondo imeneyo ikapanda kugona kuno ikagona ku Dubren, ndipo tsiku lina tidzaiona ikubwera, kusongoka kuli kutsogolo. Mudzi wa kutsidya lija ndikupatsani, ndi ming'oma ya njuchi yomwe."

"Mudzi mungandipatse, mbuyanga. Malo simungandipatse, chifukwa si inu munandipatsa poyamba. Ndinawasema ndi nkhwangwa inu mukugwabe pakavalo."

Kalonga anawameza mawuwo. Kumeza ankakudziwa, anakuphunzira kwa Atatari.

"Chabwino," anatero. "Ndilengeza kuti phwando la lero ndi lopanda malo. Aliyense akhale pamene ndamuika, ndipo za lero zisadzakumbidwe pamlandu uliwonse."

"Pakamwa padzati zisakumbidwe. Nanga maso? Maso a anthu mudzawalengezera chiyani?"

Dzuwa lili pamutu belu linalira, nduna n'kulowa m'holo. Patebulo panali atsekwe ootcha, nsomba, kabichi wowawasa ndi mitsuko ya mowa wa uchi. Kalonga analengezadi kuti phwandolo ndi lopanda malo, anthu n'kuvomera, koma maso onse anali pakona. Yelizar anali atakhala kale kudzanja lamanja. Ataona Putyata anadzuka, nawerama mwaulemu.

"Bambo, mbiri yanu ndinaimva ndikadali m'njira."

Putyata anamuyang'ana ngati mmene uyang'anira mbuzi yalowa m'tchalitchi. Anaima chilili pambali pa benchi, manja kumbuyo.

"Khalani pansi, a Putyata," anatero Kalonga.

"Pamene ndimakhala pali munthu."

"Khalani pamene palibe munthupo."

Sanasunthe. Kalonga anakodola ankhondo awiri, iwo n'kumugwira m'khwapa mwaulemu ndithu, n'kumukhazika pamalo achiwiri. Apa ndiye Putyata anachita chimene nduna ya kwathu imachita ikaona kuti yaponderezedwa ndipo manja yamangidwa. Anadzilefula thupi lonse, n'kutsetsereka pabenchi pang'onopang'ono, chijasi, ndevu ndi ulemu wonse, mpaka analowa pansi pa tebulo.

"Mutu mudule, mbuyanga!" anafuula ali pansipo. "Koma kumunsi kwa Yelizar sindikhala!"

Kenaka wina kumunsi anatsamwa ndi mowa pofuna kubisa phwete. Pamalo achitatu pankakhala Nekras, mphwake wa Putyata, munthu wonenepa, wamtima wabwino, amene chiyambire sanakanganepo ndi munthu kupatula pa nkhani ya chiwindi cha tsekwe. Anakweza nsalu ya patebulo nasuzumira.

"Achimwene, tulukani inu. Agalu akunyambitani ndevu."

"Usandiyankhule, iwe!"

"Asiyeni," anatero Kalonga, mawu ali pansipansi. "Apatsireni mbale komweko."

Phwando linapitirira pamwamba pa mutu wake. Anamva akukweza zikho kumwera moyo wa Kalonga, akumwera moyo wa Yelizar, anamva mphwake akuphwanya mafupa. Anatulukamo anthu atabalalika, maondo atauma, m'ndevu muli udzu.

Atafika kunyumba sanavule n'chijasi chomwe. Analamula antchito kuti atulutse zileyi.

"Tikupita kuti?" anafunsa Fetinya.

"Ku Dubren. Ndine mfulu ine, si kapolo. Nduna ikatopa ndi Kalonga imapita kwa wina, mwambo ndi umenewo."

"Mwambo ndikuudziwa. Ndikufunsa za nzeru. Tisiye nyumba, tisiye manda a ana athu kuseri kwa tchalitchi, chifukwa cha malo okwana thako la munthu mmodzi?"

"Mayi a Onisim, za patebulo simuzidziwa inu."

"Ee, sindizidziwa. Ine ndimangodziwa za pansi pa tebulo, poti ndi pamene ndimasesa. Lero ndamva kuti mwakandithandizako."

Onisim, amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anayankhula motsitsa. "Bambo, ine kudzakhala wachiwiri sikundivuta."

"Khala chete! Ukudziwa chiyani iwe? Zonsezi ndikuchitira iwe. Sindinakuberekere kuti udzalandire mbale yotsala kwa mwana wa Yelizar."

Mnyamatayo anakhaladi chete, napita kukathandiza kumanga katundu. Anali mwana womvera, ndipo kumvera kwakeko n'kumene kumandimvetsa chisoni pa nkhani yonseyi.

Potsazika, Putyata anaima pabwalo la Kalonga, navula chipewa, nanena kuti lumbiro limene anapsompsonera mtanda walimasula. Volodar anatuluka wopanda chijasi, mphepo ikumuomba. Maso ake anali ofiira, koma sanamugwire mwendo.

"Njira ndi yanu, a Putyata, sindingaitseke. Zikundiwawa, ndisabise. Koma benchi mukuidziwa inu, munaisema nokha. Siisunga mpata."

Putyata anakwera pachileyi osacheuka. M'njira anauza mkazi wake kuti asamasule mitolo yonse akafika. "Volodar, mnyamata uja, sangathe popanda ine. Madzi oundana a mumtsinje asanasungunuke adzatuma anthu, zipewa zili m'manja."

Ku Dubren anawalandira ndi mabelu. Unali mzinda wakale, wa tchalitchi cha miyala ndi msika waukulu, pamsewu weniweni wa kuchigwa. Kalonga Sudimir anasangalala koopsa kuti kamodzi kokha iyenso watola chinthu chimene Tolatola wagwetsa. Pofuna kuti nkhaniyo ikamuwawe msuweni wake, anamukhazika Putyata kudzanja lamanja tsiku lomwelo. Pamalopo pankakhala nduna ina yokalamba ya komweko, imene inauzidwa kuti isendere pang'ono. Mkuluyo sanalowe pansi pa tebulo. Anadya mwakachetechete, ndipo sabata isanathe anamanga zileyi, natenga ana ake ndi ankhondo ake, ulendo wa ku Yelnik.

"Mwaona?" anatero Fetinya. "Mwamuchita mnzanu zomwe anakuchitani."

"N'zosiyana," anatero Putyata. Kusiyana kwake sanakufotokoze.

Anthu a zipewa m'manja aja sanabwere. Amene anabwera, chipale chitayamba kusungunuka, anali Nekras yekha, matope mpaka m'maondo, atanyamula mtsuko wa uchi wa kwawo. Fetinya atamuona analira ngati kwagwa maliro. Anamukhazika pafupi ndi uvuni, namupatsa phala lotentha, iye n'kumayankhula chakudya chili m'kamwa.

"Achimwene, Kalonga wandituma. Akuti malo achiwiri aja akadalipo. Mbale yanu amaivundikira pomwepo, palibe amaikhudza."

"Yelizar wasendera?"

"Ayi."

"Ndiye wadzeranji?"

"Tamverani kaye. Kusunga mpata pabenchi si ntchito yamasewera. Anthu akuchuluka kumunsiko, tsiku lililonse kukubwera ena, ndipo onse akukankhira kumtunda. Ine ndimachita kuponda mwendo pansi mwamphamvu kuti ndisagwere pamalo anu. Chakudya sichikundikomera, achimwene. Taonani mmene ndaondera."

"Sunaonde. Ukamuuze mbuye wakoyo kuti Putyata amakhala poyamba kapena sakhala n'komwe. Kuno ndili kudzanja lamanja."

Nekras anayang'ana mlamu wake, mlamu wake n'kuyang'ana pansi. Onisim anaperekeza Nekras mpaka kuchipata cha mzinda. Pofika nthawi yokolola, mbiri inamveka kuti mbale ija yachotsedwa ndipo Nekras ndiye nduna yachiwiri ya ku Yelnik. Sanachite kulanda. Tsiku lina paphwando anatambasula dzanja kuti atenge mchere, akumunsi n'kukankha, basi anapezeka ali pamenepo.

Zaka zinayamba kudutsa, ndipo sizinkadutsa mofanana m'mizinda iwiriyi. Sudimir anali munthu wa makolo. Ukakhala naye mphindi zochepa unkadziwa agogo ake onse ndi nkhondo zimene anapambana. Kugwadira Atatari ankati n'kwa anthu a m'madambo. Kazembe wawo atabwera anamusiya panja pachisanu tsiku lonse, nduna zikuseka, Putyata akuseka nawo. Chilimwe chotsatira Atatari anabwera ndi yankho lawo. Linga silinagwe, koma midzi yonse yozungulira inapsa, tirigu yemwe. Alimi otsala sanadikire kuti aone ngati zidzachitikenso. Analowa m'nkhalango, ndipo aliyense ankadziwa kumene njira za m'nkhalangozo zimathera.

Alimi akachoka, msika umaonda. Msika utaonda, amisiri anatsatira. Kenaka nduna nazo zinayamba kuvula zipewa pabwalo la Sudimir, lero uyu, mwezi wamawa uyo, aliyense ndi chifukwa chake chaulemu. Putyata ankawatukwana kuti ndi agalu otsata fungo la nyama, ataiwala kuti njira yochokera kwa mbuye anawaonetsa ndi iyeyo. Malo ake sanawasunthe munthu. Anali woyamba ndithu, ndipo Onisim, amene tsopano anali bambo wa ndevu zake ndi ana ake, ankakhala pafupi naye. Kungoti benchi inali itatalika modabwitsa. Munthu ukanatha kugonapo chotambalala osakhudza mnzako, ndipo tsekwe mmodzi anayambanso kukwanira onse.

Za ku Yelnik zinkabwera ndi amalonda ochepa amene ankadutsabe. Akuti linga lakale aligwetsa, amanga lina la mitengo ya thundu, lalikulu kuzungulira phiri lonse. Akuti amanga tchalitchi cha miyala, ndipo bishopu wasamukira komweko. Akuti Tolatola watola mzinda wa mbale wake wina amene anamwalira wopanda mwana, mzinda wina n'kuupeza pokwatitsa mwana wake wamkazi. Akuti mfumu ya Atatari yamutcha mkulu wa akalonga onse a chigawo chino. Putyata akamva ankangoti, "Mabodza a pamsika," n'kutulutsa chipeso chake.

Fetinya anamwalira m'chisanu china chowawa. Anadwala masiku ochepa, ndipo sanamudzudzule mwamuna wake, mwina mphamvu zake zinali zitatha. Anangopempha kuti ngati n'kotheka akamuike ku Yelnik pafupi ndi ana ake. Sizinatheke. Njira inali itatsekeka ndi chipale, ndipo ngakhale ikanakhala yotseguka, Putyata sakanapita kukapempha dothi kwa Volodar. Anamuika ku Dubren pakati pa anthu osawadziwa. Putyata anamulira zenizeni, pakuti ankamukonda mkazi uja ndi pakamwa pake pomwe. Kuyambira pamenepo panalibenso womuuza kuti phala likuzizira.

Mapeto a Dubren anabwera opanda phokoso. Tsiku lina m'mawa alonda anaona mbendera za ku Yelnik zitadzaza chigwa, Yelizar ali patsogolo, ndevu zake nazonso zitayera. Putyata anathamangira kukavala malaya ake achitsulo, amene anali atachita dzimbiri.

"Bambo, mukamenya ndi ndani?" anafunsa Onisim. "Tawerengani anthu ali palinga."

Panalibe chowerenga. Sudimir anatsegula yekha chipata, napsompsona mtanda pamaso pa onse, namutcha Volodar mkulu wake ngakhale kuti kubadwa anayamba ndi Sudimir yemweyo. Muvi sunaponyedwe ndi umodzi womwe. Kuyambira tsiku limenelo Sudimir anakhala wotumikira Volodar, ndipo nduna zake zotsala, zimene zinkakwana pachileyi chimodzi, zinaitanidwa ku Yelnik kuphwando la chiyanjano.

Putyata sanauzindikire mzinda wake. Pamene panali khola la akavalo panali nyumba ya bishopu. Pamene panali nyumba yake panali msewu, anthu akugulitsa nsomba. Analowa m'holo yatsopano, yaikulu ngati tchalitchi, Onisim ali pambuyo pake. Benchi inali imodzi monga kale, koma inkayenda m'mbali mwa khoma, n'kukhota, n'kukhotanso, yodzaza anthu phewa ndi phewa. Miyendo yake inamutenga yokha kulowera kukona ya zithunzi za oyera mtima.

"Agogo, agogo, mukupita kuti?" Anali kapitawo wa patebulo, mwamuna wa ndodo m'manja amene sankamudziwa n'komwe. "Ndinu a ku Dubren, eti? Malo anu ndi uko."

"Ukudziwa amene ukuyankhula naye?"

"Ndikudziwa kuti mwabwera ndi a Sudimir. Oyamba ndi eni mudzi. Kenaka amene anabwera okha m'mbuyomu, aliyense monga mwa chaka chake. Inu obwera lero ndinu otsiriza. Si ine ndinakonza, agogo, ndi mwambo."

Kalonga Volodar anaona zimenezi ali pakona. Anadzuka, natsika yekha mpaka pamene Putyata anaima. Nayenso anali atakalamba, msana utayamba kupindika. Anamukumbatira Putyata, namupsompsona m'masaya.

"A Putyata. Mwafika kwanu. Za mayi ndinamva, pepani."

Putyata anafuna kuyankha mwaukali, koma mawu anatuluka aang'ono. "Sindikupempha za ine, mbuyanga. Ine ndatha. Koma mwanayu. Malo ake."

Volodar anayang'ana Onisim, kenaka anayang'ana benchi yonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

"Munandiuza nokha kuseri kwa khola, kuti mudzi ndingakupatseni koma malo sindingakupatseni. Tsiku lija ndinkayesa mukulakwa. Taonani anthuwa. Aliyense akudziwa amene ali kumtunda kwake ndi amene ali kumunsi kwake. Ndikamukweza Onisim kudumpha mmodzi yekha, onsewa alowa pansi pa tebulo, ndipo tebulo langa silingawakwane. Mudzi ndikupatsani, simufa ndi njala."

Anabwerera kumalo kwake. Putyata anamutsatira ndi maso. Kudzanja lamanja kunali Yelizar. Pambali pake panali Nekras, atanenepa kuwirikiza, mkanda wagolide uli pakhosi, ana ake aamuna atandandalika chapafupi. Nekras anakweza dzanja pang'ono, n'kulibweza msanga mwamanyazi. Chapakati Putyata anaona nkhope ina yodziwika: mwana wa nduna yokalamba ija imene iye anaisendeza ku Dubren. Nayenso anali kutali kumtunda.

Kapitawo anawaperekeza mpaka kumapeto. Putyata anakhala, Onisim n'kukhala kumunsi kwake, pansonga penipeni pa benchi, pafupi ndi chitseko pamene mphepo imalowera ndi agalu. Mbale zinkafika kumeneko zitazizira. Kalonga anawatumizira ntchafu ya tsekwe yochokera m'mbale yake, ulemu waukulu ndithu, koma Putyata sanaikhudze.

Phwando lili pakati, chitseko chinatseguka, kunalowa mlendo wochedwa, kalonga wina wamng'ono wa kumpoto amene Tolatola anali atangomutola kumene. Munthu wotere sumukhazika kukhomo. Anapita naye kumtunda, ndipo kumeneko kunayambika mawu aja, akutsika ndi benchi kuchoka pakamwa kupita pakamwa. Tasenderani pang'ono. Tasenderani pang'ono. Palibe anakwiya, aliyense ankangonyamula mbale yake n'kusuntha, nkhani ikupitirira. Mawuwo anakhota ndi khoma, nakhotanso, mpaka anafika kwa mnyamata wina wa ndevu zochepa amene anakhala kumtunda kwa Putyata. Iye anamugunda ndi chigongono, osamuyang'ana n'komwe.

"Tasenderani pang'ono, madala."

Putyata anasendera. Sanaganize n'komwe, thupi lokalamba linangomvera. Ndipo posenderapo anamva phewa la mwana wake likuchoka paphewa lake. Benchi inali itatha. Onisim anadzuka, mbale ili m'manja, nakaima kukhoma pamodzi ndi antchito onyamula mitsuko.

"Onisim," anatero Putyata, akuyesa kudzuka. "Bwera ukhale apa. Ine ndiima."

"Khalani, bambo," anayankha Onisim, mofatsa monga mwa masiku onse. "Mwana sakhala kumtunda kwa bambo ake, ndipo kumunsi kwanu kulibe malo. Idyani, nyama ikuzizira."

Putyata anakhala. Misozi inatsikira m'ndevu zija, ndipo sanaipukute. Palibe anaona, chifukwa kumtunda anali atayamba kumwera moyo wa mlendo watsopano.

Zidzukulu za Nekras mpaka lero zimadya pafupi ndi Kalonga, ndipo zikafunsidwa kuti agogo awo anachita chiyani chachikulu, zimati anatambasula dzanja kutenga mchere. Zidzukulu za Putyata zimaweta njuchi kutsidya kwa mtsinje, anthu aulemu ndithu, koma m'holo muja sizilowa. Putyata ankayesa kuti akachoka padzatsala dzenje loti Yelnik yense adzagweramo. Anaiwala zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti pachoka mnzako pali malo.